MF 165 ikukweza ndi kutsitsa mawu yokha, thandizeni

Moni akuluakulu a pa gulu lino. Ndili ku Mchinji, ndili ndi thirakitala yakale Massey Ferguson 165 ya injini ya Perkins yomwe anatisiyira malemu bambo. M'mawa imalira bwinobwino koma ikangotentha imayamba kukwera nkutsika yokha, vuuu kenako ngati izima kenako vuuu, chonsecho sindinagwire lever ya mafuta olo pang'ono. Ndikatsitsa pulawo pa nthaka youma imafooka mpaka ndikweze. Fyuluta ya dizilo ndasintha, ya mpweya ndatsuka. Makaniki wina akuti tichotse pampu yaikulu ya dizilo (injector pump) ikayezedwe ku Lilongwe koma ndalama yake ndi yambiri ndipo mvula ili pafupi, anthu anandipatsa kale ndalama zoti ndiwalimire minda, mtima suli m'malo. Ndiyambire pati?

Ndemanga:

– Achimwene musathamangire pampu. Nthawi zambiri imakhala ikuyamwa mpweya penapake. Pa pampu yaikuluyo, ya mtundu wa CAV, pali timabawuti tiwiri tochotsera mpweya, masulani kapansi kaye, pompani ndi dzanja pa lift pump (kapampu kakang'ono kokoka dizilo kuchokera ku thanki) muone ngati dizilo akutuluka ndi thovu. Komanso posintha fyuluta mphira yakale ya pamwamba munaichotsa? Imamatirira mkati muja ndiye yatsopano siikhala bwino.

– Bwana tengani chigubu choyera cha malita 5, thiranimo dizilo wosefa, mangani pamwamba paipi ipite ku fyuluta osadzera ku thanki. Ikakhazikika ndiye kuti vuto lili ku thanki, paipi kapena lift pump, pampu yaikuluyo ilibe mlandu.

– Chivindikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira, kakatsekeka ndi fumbi mafuta amatsika movutikira. Ikayamba kuvuta masulani chivindikirocho mumvetsere. Pa tap ya pansi pa thanki palinso kasefa kamadzadza dzimbiri. Nanga dizilo mumagula wa m'zigubu? Onani mu galasi la pansi pa fyuluta, madzi amakhala pansi, amaoneka.

– Zonsezi zikakhala bwino mpamene mungakayikire governor (yowongolera liwiro la injini), ili mkati mwa pampu momwemo, mwina metering valve (yopima dizilo wolowa) ikukakamira kapena kasipuling'i katopa. Chonde musatsegule nokha pa fumbi, ndipo mapaipi a ma nozzle (zopopera dizilo mu injini) osafufuza podontha ndi chala injini ikulira, dizilo wake amaboola khungu.

Mwini funso: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndapompa, thovu likutulukadi ndipo silikutha, mu galasi munali timadzi ndi zinyalala zofiirira, ndakhutula. Koma ndaonanso kuti oyilo pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) wakwera ndipo akununkha dizilo. Kodi imeneyi ingakhale mphira ya mkati mwa lift pump yang'ambika? Ndiisinthe yonse kapena kit yokha ikwana, ndipo ndingailizebe ndisanasinthe oyiloyo?