AGM yalepherekanso, mapping ya ma CBCC tipange bwanji?

Mlembi wa netiweki: Anzanga ndatopa. AGM (msonkhano waukulu wa pachaka) ya netiweki yathu ya mabungwe yalephereka kachitatu, koramu (chiwerengero cha mamembala ofunika kuti tivote) yosakwana. Malamulo athu amati bungwe lililonse voti imodzi, kaya ndi lija la ma Land Cruiser kaya CBO (bungwe la m'mudzi) ya amayi ophika phala. Ndiye mapping ya ma CBCC (kugawana sukulu za mkombaphala kuti bungwe liti lizithandiza iti) yangokhala osavomerezedwa, pomwe DEC (komiti ya akuluakulu a pa boma) ikukumana sabata yamawa. Panopa mabungwe awiri akusiya Likuni Phala pa CBCC imodzi, pomwe ana a tsidya la mtsinje akungobwerera ndi makapu opanda kanthu. Executive ingavomereze yokha?

Msungichuma wakale: Amene sanalipire ya umembala asawerengedwe pa koramu. Basi.

Mayi wa za ana: Alembi, musayerekeze. Ife tinapangapo zimenezo, executive inagawa madera yokha. Ma CBO anati sanafunsidwe, anakadandaula kwa mafumu, mavolontiya awo anasiya kutitumizira ma case a nkhanza kwa ana. Chaka chathunthu tikupepesa. Amene amadziwa khomo la mwana aliyense ndi omwewo, osati ife a mu ofesi.

Msungichuma wakale: Koma analipira? Voti ndi risiti.

Wa m'mbali mwa nyanja: Achimwene, CBO yopanda dona ndalama iitenga kuti? Ambiri analembetsa ku Social Welfare kokha, za CONGOMA (bungwe loimira ma NGO) ndi NGORA (bungwe la boma loyang'anira ma NGO) sazidziwa nkomwe. Chisinthireni NGO Board kukhala NGORA mu 2022, kwathu ena akufuna kuti wopanda satifiketi asamavote. Mukatero netiweki itsala ya mabungwe asanu a patauni.

Mayi wa za ana: Komanso kusintha lamulo la koramu kumafuna AGM yomweyo imene ikukanikayo. Mukasintha pa WhatsApp, wina adzakutulutsirani malamulowo pamaso pa DC.

Msungichuma wakale: Ndicho chifukwa chake ndikunena kuti osalipira achotsedwe kaye.

Wa m'mbali mwa nyanja: Kodi munalemba za transport refund m'kalata yoitanira? Ife tinachititsa msonkhano pa boma popanda refund, anabwera anthu anayi, mmodzi anali dalaivala. Titausamutsira pa sukulu ina pafupi ndi komwe imakumana ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera), holo inadzaza, koma bungwe lalikulu linangotumiza intern wosaloledwa kusayina chilichonse.

Mayi wa za ana: Za ma intern musandiyambitse. Wina anavota m'malo mwa bwana wake, mawa lake bwanayo anaimba foni kuti votiyo ibwezedwe.

Wa m'mbali mwa nyanja: Refund kwanuko ikumakhala zingati masiku ano, ndi mmene kabaza wakwerera?