Thandizeni samu ya cylinder, mwana wanga wabwera akulira

Mayi wa kwa Mponda:
Moni nonse a pa gulu lino. Chonde ndithandizeni, mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, akuyembekezera JCE, ndiye dzulo wabwera kusukulu maso ali psuu. Akuti aphunzitsi amuthetha samu ya cylinder (chinthu chooneka ngati dramu), ija yopeza volume, kuchuluka kwa zimene zingalowemo, anzake n'kumuseka kalasi yonse. Samuyo ili ndi 14 cm. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Bambo ake ali ku Joni, akaimba foni nkhani ndi ya rand basi, za sukulu safunsa n'komwe. Alamu anga amene anafika Fomu 4 amakhala pompano, koma ukawapempha kuti amuone mwana amachita ngati wawapempha ndalama, chonsecho mbaula yanga anabwereka kalekale sanabwezebe. Magetsi nawo akungozimazima madzulo, mwana akuwerengera tochi ya pa foni. Ya part time ndalipira kale mwezi uno, ndalama ya zitumbuwa imeneyo, si yotola ayi. Ndiye ndiuzeni, yankho lenileni ndi chiyani? Walakwa ndi mwana kapena aphunzitsi? Mawa aphunzitsi akufuna aone zokonza.

Mtsikana wa Fomu 4:
Amayi, 14 cm imeneyo ndi ya chiyani? Radius (theka la pakamwa), diameter (pakamwa ponse) kapena kutalika? Tajambulani funsolo mutiponyere.

Wa kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi:
Cylinder ndimaidziwa ine ndi ya mu injini ya njinga yamoto kkkk. Ikafa imeneyo volume yake ndi ngongole.

Mphunzitsi wopuma ku Namwera:
Amayi, musanafunse zoti walakwa ndani, funsani ngati mwanayo amadziwa ma table pamtima. Vuto lagona pamenepo! Chiyambire sukulu yaulere mu 1994 ana anadzaza m'makalasi mpaka ena pansi pa mitengo, ndipo mwana akumafika sekondale 7 kuchulukitsa ndi 7 akuwerenga zala. Ife kale samu ngati imeneyi timaimba ngati nyimbo: volume ndi pi (nambala ya pafupifupi 3.14) kuchulukitsa ndi radius, kuchulukitsanso ndi radius yomweyo, kenako ndi kutalika. V = πr²h. Wosadziwa amagwada panja mpaka belu. Lero mwana akangothethedwa, mayi ake athamangira pa Facebook kukazenga mlandu aphunzitsi. Mphunzitsi salakwa samu ya Fomu 2, zimenezo iwalani.

Mnzanu wa kwa Chimwala:
Mayi mnzanga, ya ku Joniyo yandikhudza. Anga ananyamuka akuti ndikangopeza ya malata ndibwera, lero mwana amene anamusiya ku msana akupita yekha ku madrasa. Limbani mtima, ana tilera tokha. Koma mbaulayo kaitengeni, achibale a kuchimuna ukawalekerera amatenga ndi mphika womwe.

Mmisiri wa ku Monkey Bay:
Aphunzitsi a ku Namwera, formula mwanena bwino koma mwana samva ndi kukalipa. Ine ndimawotcherera matanki, samu imeneyi ndi imene imandidyetsa. Amayi, mupezereni dramu lija la madzi ndi tepi. Langa pakamwa ndi 56 cm. Theka lake ndi 28, imeneyo ndiye radius. 28 kuchulukitsa ndi 28 ndi 784. Kuchulukitsa ndi 22 n'kugawa ndi 7, amene ndi pi uja, mupeza 2,464, amenewo ndi malo amene tsinde la dramu latenga pansi. Kutalika kwake ndi 85 cm, ndiye 2,464 kuchulukitsa ndi 85 ikubwera 209,440 cm³. Lita imodzi ndi 1,000 cm³, choncho ndi malita 209 ndi kapamwamba. Mwaona chifukwa chake timati dramu la malita 200? Mwana akangoona kuti nambala ya m'kope ikugwirizana ndi madzi amene amatunga, saiwalanso.

Wogula usipa ku Msaka:
Bambo mmisiri, muli pomwepo tandiwerengereni chigoba. Ku dooko kuno pogula akutiyezera chigoba china, ife pokagulitsa ku Limbe ogula akubwera ndi chawo chachikulu. Ena akumachiwotcha ndi madzi otentha n'kuchikankha pansi kuti chilowe m'kati. Ulendo watha ndinabwerera ndi ya transport yokha, mpamba wonse unathera m'zigoba. Masamu a volume akanawaphunzitsa amenewo, osati kuvutitsa ana.

Mphunzitsi wopuma ku Namwera:
Chigoba si cylinder! Ndowa si cylinder! Pansi ndi pang'ono, pakamwa ndi potambalala, chimenecho dzina lake ndi frustum ndipo chili ndi formula yakeyake. Cylinder imayenera kukhala chimodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Musasokoneze mwana wa eni ake ndi nkhani za usipa. Ndipo inu a ku Monkey Bay, 22/7 mukuigwiritsa ngati ndi pi weniweni bwanji? Pi ndi 3.14159 ndipo manambala ake satha. Archimedes wa ku Syracuse anaonetsa kale zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti pi ndi wocheperako pang'ono kuposa 22/7. Izi ndi zimene zimachitika masamu akagwera m'manja mwa owotcherera.

Mmisiri wa ku Monkey Bay:
Achikulire, ulemu wanu, koma ikani 3.14 pa dramu lomwelo muone. Kusiyana kwake sikukwana kapu imodzi ya madzi. Ndipo pa mayeso funso limanena lokha kuti pi mutenge chiyani. Mukaona 7, 14, 21 kapena 28 dziwani kuti wolemba funso akufuna 22/7 kuti 7 uja afafanizike. Owotcherera tikulakwa chiyani pamenepa?

Mphunzitsi wopuma ku Namwera:
Kapu imodzi pa dramu, nanga pa tanki ya mudzi wonse? Kulekerera kumayamba choncho. N'chimodzimodzi JCE, anaichotsa ana n'kumangoyenda kuchoka Fomu 1 mpaka Fomu 4 opanda chowaopsa, aibweza mu 2021 zinthu zitaonongeka kale. Ndinanena ine nthawi imeneyo mu staff room, palibe anandimva. Calculator nazo zapha ubongo wa ana.

Mayi wa kwa Mponda:
Zikomo nonse. Kujambula sindingathe, kamera ya foni inasweka tsiku lija mwana wa neba anaigwetsa pa mjigo ndipo makolo ake mpaka lero sanapepese. Ndamufunsa, akuti palinso 20 cm, ndipo cylinder yake ndi chitini. Aphunzitsi a ku Namwera, mwana wanga si mbuli chonde, Sitandade 8 anakhoza kamodzin'kamodzi, ma table amawadziwa.

Mtsikana wa Fomu 4:
Chabwino amayi, tiyese kuti 20 cm ndi kutalika kwa chitini. Koma 14 uja simunatiuzebe. Ngati ndi diameter, kutanthauza kuchoka mbali ina ya pakamwa kudutsa pakati kukafika mbali inayo, agawe kaye ndi 2 apeze 7. Ndiye 22/7 × 7 × 7 ndi 154, kuchulukitsa ndi 20 ndi 3,080 cm³. Ngati 14 ndi radius, 22/7 × 14 × 14 ndi 616, kuchulukitsa ndi 20 ndi 12,320 cm³. Mwaona, kusiyana kwake ndi kanayi, osati kawiri, chifukwa radius imalowa kawiri. Ambiri m'kalasi mwathu amagwera pomwepa, amangotola nambala osawerenga mawu ali pambali pake. Mumuuze aganize ndalama zachitsulo zosanjikiza: 154 ndi malo a ndalama imodzi, 20 akunena kuti mulu watalika bwanji.

Ankolo a ku Makanjira:
Ana anga, mukukangana za chitini pomwe kuno mvula ikagwa msewu umatitsekera, ana ena sukulu amaiona patali. Amene ali ndi mphunzitsi woti n'kumuthetha ayamike Mulungu.

Mmisiri wa ku Monkey Bay:
Mwana wa Fomu 4 wanena zoona. Ndiwonjezere chimodzi: ngati m'kope mwake mwatuluka 880, ndiye kuti pa 7 × 7 iye wapanga 7 × 2. Ka 2 kakang'ono kali pamwamba pa r kaja kamapusitsa ambiri. Komanso 880 yomweyo ndi imene umapeza ukamayeza lata lokulunga m'mbali mwa chitini chimenecho, ndiye mwina wasokoneza ma formula awiriwo. Ayang'anenso ngati analemba cm³ kumapeto. Aphunzitsi ena ukalemba cm² kapena kusiya osalemba kanthu amathetha ngakhale nambala ili yolondola.

Mphunzitsi wopuma ku Namwera:
Ndipo amachita bwino kuthetha! 3,080 wa chiyani, mbuzi? Ine ndinkachotsa malikisi onse. Ana amene ndinawaphunzitsa ena lero ndi madokotala, akandiona pa boma amatsika galimoto kudzandipatsa moni. Inu a ku Makanjira, ife tinkayenda wapansi kuwoloka mitsinje popanda nsapato ndipo masamu tinkakhoza.

Wogula usipa ku Msaka:
Madokotala anuwo aphunzitsi, koma chigoba changa palibe wandiyankha. Ngati si cylinder ndiye ndichiyeze bwanji?

Mmisiri wa ku Monkey Bay:
Amayi a usipa, inu formula isakuvuteni. Tengani botolo la lita imodzi, muzithira madzi m'chigobamo mukuwerenga mpaka chidzadze, pamaso pa mwini wake.

Mayi wa kwa Mponda:
Ndiye ndimuuze 3,080 kapena 12,320? Kope akuti wabwereka mnzake wa kuseri kwa msika, ndipo kunja kwada, sindingamutume mwana wamkazi usiku uno. Iye akuti akukumbukira kuti yankho lake linali lalikulu.

Mtsikana wa Fomu 4:
Ngati linali lalikulu n'kutheka kuti ndi 12,320, ndipo funso linati diameter iye osagawa. Koma musamuuze nambala yoti akangokopera amayi, mawa lake adzapatsidwa chitini china. M'mawa alawirire kwa mnzakeyo, awerenge mawu amene ali pafupi ndi 14 cm, kapena aone mzere wa pa chithunzi ngati wadutsa pakamwa ponse kapena walekeza pakati. Akatero apange yekha, zitenga mphindi zochepa belu lisanalire.

Wa kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi:
Ngati kuseri kwa msika n'kutali ndilipo amayi, mtengo tikambirana ku inbox.