Gulu la banja: mtengo wotumizira matisheti

Mzime: Mwaswera bwanji nonse. Maoda a matisheti aja akubwera ndithu, ena pa Facebook ena pa status, koma aliyense funso lake ndi limodzi, kutumiza ndi zingati? Poti mpamba tinasonkha tonse ndati tigwirizane pompano ndisamangotchula za mmutu mwanga

Malume: Taswera mphwanga. Tisheti imodzi ukugulitsa bwanji pano?

Mzime: K25,000 amalume

Achimwene (Joni): Ingoikweza ikhale K30,000 ulembe kuti kutumiza ndi ulere basi nkhani yatha. Kuno mashopu a pa intaneti ambiri amatero ukagula zambiri, anthu akangoona mawu oti ulere mitima imagwa

Mayi: Ulere wake uti? Ndiye wa ku Area 25 amene amabwera yekha kudzatenga pakhomo pano alipirenso transipoti ya munthu wa ku Karonga?

Achimwene (Joni): kkkk amama mwayamba

Mayi: Sindinayambe kanthu, makasitomala ambiri a mwanayu ndi a mu Lilongwe momuno, ukakweza onsewo athawa

Alamu: Ndilowererepo pang'ono poti ine ndimatumiza katundu ku Blantyre kawirikawiri. Ndalama ya courier ija si yokhayo imene imatuluka mthumba. Mlamu akwere kabaza kuchoka ku Area 25 kukafika ku ofesi ya courier mtauni, abwerenso, agule jumbo yolimba ndi selotepu, aimbire kasitomala kumuuza kuti katundu wanyamuka, ndiye ndalama ikabwera pa Airtel Money kapena Mpamba potapa kwa ejenti amadulanso. Zonsezo mukaziphatikiza mupeza kuti phindu la tisheti imodzi lathera mnjira ngakhale kasitomala walipira ya courier yonse

Mzime: Eeh ya kabaza ndiyo imandipweteka kwambiri alamu, nthawi zina oda imodzi yokha ulendo wonse

Alamu: Ndiye osamapita tsiku lililonse. Sankhani masiku awiri, Lachiwiri ndi Lachisanu, maoda azidikira apite pamodzi, kabaza mmodzi agawidwe pa maphukusi onse. Chinanso tisheti ndi yopepuka, imalemera magalamu 150 mpaka 200, ndiye zinayi mwina zisanu sizidutsa kilo imodzi. Kaphukusi kakang'ono kamakhala ndi mtengo woyambira, mutumize imodzi mutumize zitatu mulipira pafupifupi chimodzimodzi. Apa ndi pamene ulere wa achimwene ungagwire ntchito, wogula zitatu kapena kuposa titumize ife, wogula imodzi alipire yekha

Achimwene (Joni): Mwaona amama, si ndimanena zomwezo

Mayi: Sunanene zimenezo iwe

Malume: Koma bwanji osangopatsa kondakitala wa basi pa depoti? Ife kale timatero, kumupatsa ya fanta katundu wafika tsiku lomwelo

Mayi: Achimwene, chaka chatha chitenje changa chija chinafika? Mpaka lero nambala ya mnyamatayo siikupezeka. Zimenezo ndi za pachibale, katundu wa kasitomala pafunika risiti

Malume: Chabwino ndagonja

Mzime: Ndiye ndilembe chonchi, mu Lilongwe wodzatenga yekha palibe kulipira, wofuna kumupititsira alipire ya kabaza malinga ndi dera. Blantyre, Zomba, Mzuzu mtengo umodzi K6,000 akatengere ku ofesi ya courier

Alamu: Blantyre ndi Mzuzu mtunda sukusiyana kwambiri, konseko ndi makilomita 300 ndi kena pa M1, mtengo umodzi uli bho. Koma Chitipa, Nsanje, Likoma musalonjeze mtengo, lembani kuti tiimbireni kaye. Likoma mpaka katundu akwere sitima pa Nkhata Bay

Malume: Ndipo mulembe kuti mitengo itha kusintha. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mafuta anakwera, za transipoti zonse zinatsatira. Muziunikanso mwezi uliwonse

Azakhali (Leeds): Pepani ndinali pa shifiti, ndawerenga zonse. Ine ndikufuna 12 za pa 6 July, amayi a kuno azikonda zamapu a Malawi zija. Kunja mwaganizako?

Mzime: Azakhali ndinafunsa, DHL mtengo wake ukuposa wa matisheti enieniwo

Azakhali (Leeds): Zimenezo ndikudziwa mwanawe. Komanso iwo sayang'ana sikelo yokha, amayeza katoni mulitali mulifupi ndi msinkhu mu masentimita, nkuchulukitsa manambala atatuwo kenako nkugawa ndi 5000, chimene chakula pakati pa zimenezo ndi kulemera kwake ndicho ulipira. Ndiye usadzaike mkatoni yaikulu yodzadza mpweya, upinde bwino uthinitse mu jumbo. Ufunsenso ku positi ofesi za EMS, njira yawo yotumizira katundu mwachangu, tiyerekeze

Alamu: Nanga msonkho wa kumeneko?

Azakhali (Leeds): Ulipo. Mphatso yosapitirira £39 ndi imene salipiritsa, koma za malonda zili ndi VAT, ndipo kuyambira 2021 katundu wosapitirira £135 VAT yake amayenera kutolera ndi wogulitsa. Nzovuta kwa kabizinesi ngati kathuka, ndiye pa tsamba lanulo za UK musaikepo kaye, ndikapeza munthu wa ku tchalitchi amene akubwera kumudzi ndimupempha malo musutikesi tione mmene tingachitire

Achimwene (Joni): Za kuno nzosavuta, mabasi amanyamula katundu kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ine ndikalandira ku Park Station nkugawira anthu. Koma zibwere zambiri kamodzi, osati imodzi imodzi. Ndalama ndizitolera mu rand ndikutumizire pa Mukuru

Mzime: Pali inanso, munthu akalandira nkunena kuti saizi yachepa, yobweza alipira ndani?

Mayi: Iyeyo, anasankha yekha

Azakhali (Leeds): Alamu musaumitse choncho, L wa kampani ina ndi M wa ina. Mwanayu ayeze tisheti iliyonse ndi tepi aike masentimita pachithunzi, pachifuwa ndi kutalika. Akasankha ataona zimenezo ndiye transipoti yobweza ndi yake, koma tikatumiza yolakwika ife kapena printi yasuluka tilipira ife popita ndi pobwera

Malume: Zamveka. Ndipo katundu asamanyamuke ndalama isanalowe yonse pamodzi ndi ya transipoti, za ndilipira ikafika ayi, ngakhale akhale wachibale

Achimwene (Joni): Amalume mukunena ine eti

Malume: Ziwiri za Khrisimasi zija sunalipirebe

Achimwene (Joni): Lachisanu ndikalandira

Mzime: kkkk ndalemba. Alamu mawa mukamapita mtauni mundifunsireko mitengo ya courier ku CTS ndi ku Speed ya kilo imodzi ndi ma kilo awiri, ndione ngati K6,000 ija ikukwana ndisanapositi

Alamu: Ndifunsa. Munditumizire kulemera kwa XXL, zija nzolemererako, muyeze pa sikelo ya kugolosale

Azakhali (Leeds): Zanga 12 zija 4 M, 6 L, 2 XL, zakuda zonse