Za Chevelle ya apongozi ija, nazi zomwe tachita

Mwezi watha ndinafunsa ngati galimoto ya Chevrolet Chevelle SS ya 1970 yomwe malemu apongozi anatisiyira kuno ku Indiana, ku America, tiziyendetsa kapena tingoyitsekera mu galaja mtengo uzikwera. Ambiri munati isakhudzidwe, ndi ndalama imeneyo. Ndinakumvani ndithu, poti ndi ija ya injini ya masilinda asanu ndi atatu (V8) yotchedwa LS6 454, kukula kwake malita 7.4, mphamvu yake horsepower 450, ndipo nambala ya pa injini ikugwirizana ndi ya galimoto, zomwe ogula amayang'ana kwambiri.

Koma makaniko atayiona ine mtima unandiwawa. Yakhala zaka zinayi osalizidwa ndipo kukhalako ndi komwe kwayipweteka, petulo anawonongeka mu thanki mpaka kutseka kabuleta, malabala anauma oyilo akungodontha, mabuleki achita dzimbiri poti mafuta a mabuleki (brake fluid) amakoka chinyontho, matayala anaphwatalala mbali yomwe inali pansi, nazo mbewa zinadya mawaya.

Ndiye tagwirizana ndi mayi akunyumba kuti iziyenda koma mosamala. Kawiri pa mwezi, mtunda woti injini itenthe bwinobwino, osati kungoyiliza pakhomo mphindi zisanu ayi, zimenezo zimangosiya madzi mu ekizozi. Nthawi ya chisanu siituluka, mchere omwe amathira mumsewu kunowu umadya chitsulo koopsa. Inshuwalansi tatenga ija mumagwirizaniranatu mtengo wa galimoto.

Loweruka ndinawatenga mayi tikazungulire, atangomva kulira kwa V8 ija misozi mbwembwembwe, akuti bambo awo ankawaperekeza nayo kusukulu.