Wodwala mtima wofooka amene kugunda kwake kukusokonekera usiku wokha

Kiliniko ofisa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi bambo a zaka 67 a mtima wofooka, EF (gawo la magazi amene mtima umatulutsa pa kugunda kulikonse) 35%, akumwa mankhwala a mtima: furosemide (wochotsa madzi m'thupi), enalapril, carvedilol (amene amachedwetsanso kugunda kwa mtima) ndi digoxin. Masana ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima) ilibe vuto. Usiku monita sikupuma kulira: mtima umatsika mpaka 38 pa mphindi, kenaka n'kuthamanga mpaka 130, ndipo kawiri tagwira AF (kugunda kosokonekera kwa zipinda za pamwamba za mtima). Potaziyamu ali bwino. Ndichotse carvedilol, kapena ndiyambe kulemba kalata yoti akaikidwe pacemaker, kachipangizo kowongolera kugunda kwa mtima?

Namwino wa usiku: Adokotala, musanachotse kanthu. Ine ndinachezera nawo dzulo. Amachita mkonono waukulu, kenaka zii. Ndinawerenga masekondi 25 asanapumenso, oxygen itatsika kufika 82%. Mtima umatsika nthawi ya zii yomweyo, ndipo akadzambatuka mobanika ndi pamene umathamanga. Akazi awo akuti kunyumba amachita kuwagwedeza usiku uliwonse.

Dokotala wa mtima: Asisitala, mwatigwirira ntchito yaikulu. Imeneyo ndi sleep apnea, kuimaima kwa kupuma m'tulo, ndipo pafupifupi theka la odwala mtima wofooka ali nayo. Timaiphonya chifukwa ambiri a iwo sadandaula za kusinza masana. Mpweya ukatsekeka pakhosi, munthu amakokabe mwamphamvu, ndipo kukokako kumatamula zipinda za pamwamba za mtima. Oxygen ikatsika, mtsempha wa vagus umachedwetsa mtima, akadzidzimuka adrenaline amauthamangitsa. Ziganizireni zimenezo ka 30 pa ola, usiku uliwonse, pa mtima wotopa kale. AF ilekerenji? Pacemaker idikire. Kuchedwa kwa mtima kobwera m'tulo motere nthawi zambiri kumatha mukakonza kapumidwe. Carvedilol ndi amene akuwatalikitsira moyo, musamuchotse chifukwa cha manambala a usiku okha. Koma asisitala, nthawi ya zii ija chifuwa chimagwedezeka kapena chimangoti bata?

Namwino wa usiku: Chimagwedezeka, mimba nayonso, koma mpweya osatuluka. M'bandakucha ndinaona zosiyana: kupuma kumakula pang'onopang'ono, n'kumachepa, n'kuima, popanda mkonono.

Dokotala wa mtima: Ndiye ali ndi mitundu yonse iwiri. Woyambawo ndi wotsekeka pakhosi, wachiwiriwo ndi Cheyne-Stokes, pamene ubongo ndi umene ukuleka kulamula kupuma. Apa ndipamene ndimachita mantha, chifukwa mashini ake si amodzi. CPAP, mashini okankha mpweya kuti pakhosi pasatsekeke, imathandiza wotsekeka pakhosi. Koma ASV, mashini ena osintha mphamvu ya mpweya molingana ndi kapumidwe ka munthu, kafukufuku wa SERVE-HF wa 2015, wa odwala 1,325, adaonetsa kuti imachulukitsa imfa mwa amene EF yawo ndi 45% kutsika ndipo vuto lawo lalikulu ndi lochokera muubongoli. Wina asawaike pa ASV chifukwa choti mashiniwo alipo. Akayezedwe kagonedwe kaye kuti tidziwe mtundu umene wachuluka.

Wa ku famase: Ndayang'ana tchati chawo. Alembedwa diazepam wa usiku poti "sakugona bwino". Ameneyo akulefula minofu ya pakhosi, achotsedwe. Yezaninso creatinine ndi magnesium, chifukwa impso zikafooka digoxin amaunjikana, ndipo naye amachedwetsa mtima.

Kiliniko ofisa: Diazepam ndinalemba ndine, ndamuchotsa pompano. Nanga podikira kuyezako ndichitenji? Miyendo idakali yotupa.

Dokotala wa mtima: Yambirani pomwepo. Madzi a m'miyendo, munthu akagona chagada, amasunthira kukhosi ndi kumapapo, n'kukulitsa mitundu yonse iwiri. Onjezerani furosemide, muziwayeza kulemera m'mawa uliwonse, agone cham'mbali mutu utakwezedwa. Musaiwale sitiroko: zaka 67 ndi mtima wofooka ndi mapointi 2 kale pa CHA2DS2-VASc, sikelo yoyezera chiopsezo cha sitiroko mwa odwala AF, ndiye mankhwala oletsa magazi kuundana akufunika ngati palibe chotiletsa. Akakomoka kapena mtima ukamaima ali maso, imeneyo ndi nkhani ina, mundiimbire nthawi yomweyo.

Namwino wa usiku: Patha masiku atatu. Atsika makilogalamu 3, oxygen usiku wathawu sinatsike kupyola 88%, monita yalira kamodzi kokha. Mkonono ulipobe. Adokotala, fomu yokayezetsa kagonedwe ili patebulo panu, ikudikira siginecha.