Za chilembo cha ŵ chija, vuto lapezeka

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene kapulogalamu kowonjezera kamene ndinapanga kankasandutsira "Malaŵi" kukhala "Mala?i". Gwero lake ndalipeza. Tebulo langa la MySQL (pulogalamu yoyendetsera database, nkhokwe yosungiramo deta) linali pa latin1, imene ndi njira yosungira zilembo mu kompyuta, ndipo latin1 ilibe ŵ. Ndalisinthira ku utf8mb4, njira ina yokhala ndi zilembo zambiri, tsopano mayina akutuluka bwinobwino, ndi emoji zomwe.

Koma mawu amene anasungidwa kale ndi chizindikiro cha funso sangabwerere okha, chifukwa chilembocho chinatayika posunga pomwepo. Awo muwalembenso pamanja, pepani ndithu.

Ena mwapempha kuti nditulutse kapulogalamu kokonzedwaka lero lomwe. Lero ndi Lachisanu, ndiye ayi, chifukwa zikasokonekera Loweruka mudzasowa wokuthandizani. Ndikukayesabe pa PHP 8 (PHP ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu), ndidzatulutsa Lachiwiri m'mawa. Musanaike, yambani mwasunga kope la database yanu.