Likoma ndi Chizumulu zinakhala bwanji za Malawi pomwe zili m'madzi a Mozambique?

Mphunzitsi_Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ana a Fomu 3 akufunsa chifukwa chake Likoma ndi Chizumulu ndi zathu pomwe pa mapu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ena akuti ndi chifukwa cha amishoni, ena akuti Angerezi anapatsidwa zilumbazi itatha nkhondo yachiwiri. Zoona ndi ziti, nanga ndiwafotokozere bwanji kuti asasokonezeke?

Chemwali_waChichiri:
Aphunzitsi, funsoli limavuta chifukwa timalifunsa chozondoka. Zilumbazi sizinalowe m'madzi a Apwitikizi ayi, malire ndi amene anasuntha n'kuzipitirira. Mapangano ndi awiri, ndipo mukawasakaniza nkhani yonse yawonongeka.

Loyamba ndi la pa 11 June 1891, pakati pa Britain ndi Portugal. Gwero lake lili konkuno kwathu: mu 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo ku Shire, John Buchanan, woimira boma la Britain, n'kulengeza kuti dera la mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo mu January 1890 London inalamula Lisbon kuchotsa asilikali ake. Pogawana mu 1891, malire a kunyanja sanadutse pakati pa madzi. Anatsata gombe la kum'mawa kutsika mpaka pa madigiri 13 ndi theka kummwera, kenako n'kukhotera ku nyanja ya Chiuta. Ndiye kuti Apwitikizi anatenga mtunda, pomwe madzi ndi zilumba zinatsala kwa Angerezi. Nthawi imeneyo panalibe chodabwitsa chilichonse pa Likoma.

Lachiwiri ndi la mu November 1954. Apa ndi pomwe malire anachoka pagombe n'kupita pakati pa nyanja, Portugal n'kupeza gawo lake la madzi. Koma Britain inasunga Likoma ndi Chizumulu, chilichonse ndi madzi ake ochizungulira a mamailosi awiri a panyanja, omwe ndi makilomita pafupifupi 3.7. Pomwe mtunda wa pakati pa Likoma ndi gombe sukwana mamailosi anayi, madziwo amagawidwa pakati. Onena za nkhondo yachiwiri aja akukumbukira nthawi ya pangano limeneli, koma akulakwitsa ponena kuti zilumba zinaperekedwa. Zinasungidwa.

Bambo_aku_Soche:
Chemwali afotokoza bwino za mapepala, koma amishoni musawachotse msanga. Funsani kuti n'chifukwa chiyani mu 1954 Britain inalolera kutaya madzi ochuluka chonchija koma n'kukakamira chilumba cha masikweya kilomita 18 ndi china cha atatu okha. Yankho ndi UMCA (Universities' Mission to Central Africa), mishoni ya mpingo wa Anglican.

Mishoniyi inayamba ku Magomero mu 1861, Bishopu Mackenzie anamwalira mu 1862, ndipo otsalawo anasamukira ku Zanzibar. Anabwerera kunyanja kudzera mwa William Percival Johnson, ndipo mu 1885 anakhazikika pa Likoma atalolezedwa ndi mfumu Chiteji ya kugombe la kum'mawa. Onetsetsani chaka: 1885, malire asanalembedwe. Anasankha chilumba chifukwa kumtunda kunali nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo, ndipo pachilumba sitima yawo, Charles Janson, inkatha kufika midzi yonse ya m'gombe. Sitimayi inabwera m'zidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire n'kulumikizidwa ku Matope.

Pofika 1954 pa Likoma panali mishoni ya mpingo wa Anglican ya zaka pafupifupi 70, masukulu, chipatala ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe mwala wake wa maziko unayikidwa mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Tsidya linalo, mpaka 1929, linali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa, yodziwika ndi msonkho wankhanza ndi ntchito yathangata. Kupereka anthu ophunzira Chingerezi, ambiri mwa iwo akalaliki ndi aphunzitsi m'maiko oyandikana nawo, ku boma la Portugal la Salazar sikukanatheka popanda phokoso ku London. Kwa ine, amishoni sanalembe malire, koma ndi amene anachititsa kuti zilumbazi zisagulitsike.

Wojambula_Mapu_Limbe:
Pa kaphunzitsidwe, musayambe ndi mapu a lero. Jambulani nyanja kawiri pabolodi. Pa chithunzi choyamba lembani 1891, kokani choko chofiira motsata gombe la kum'mawa, ikani timadontho tiwiri pafupi ndi Cobue, tauni ya pagombe la Mozambique, n'kuwafunsa ana kuti tili mbali ya yani. Ayankha okha. Pa chachiwiri lembani 1954, kokani mzere pakati pa nyanja, kenako zungulizani kadontho kalikonse pakokha. Mizere yozungulirayo ikhale iwiri yosakhudzana ndi mzere wa pakati, apo ayi ana aganiza kuti pali kanjira ka madzi a Malawi kochokera ku Nkhata Bay. Kulibe. Ilala ikamapita ku Likoma imadutsa m'madzi a Mozambique.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi kulowetsamo Tanzania. Imeneyo ndi nkhani ya pangano lina, la Heligoland la pa 1 July 1890, pakati pa Britain ndi Germany. Nalonso linaika malire pagombe, koma palibe pangano lofanana ndi la 1954 lomwe linawasuntha, ndipo mkangano wa lero wagona pamenepo. Mzere wa pakati pa chithunzi chanu uthere pomwe pathera gombe la Mozambique.

Mphunzitsi_Ndirande:
Zikomo nonse. Nanga Mozambique italandira ufulu mu 1975 sinafune zilumbazi?

Chemwali_waChichiri:
Malire a 1954 ndi omwe akugwirabe ntchito, aphunzitsi. Mu 1964 ku Cairo maiko a m'bungwe la umodzi wa Africa la OAU anagwirizana kulemekeza malire omwe dziko lililonse linawapeza polandira ufulu, ndipo Malawi inalandira ufulu chaka chomwecho zilumbazi zili kale mbali ya Nyasaland. Likoma inali pansi pa boma la Nkhata Bay isanakhale boma palokha. Mukafuna mabuku akale oti ana aone ndi maso, yambani ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, koma makalata a boma la atsamunda ali ku National Archives ku Zomba.